Mwagula injini ya boti yakale, inu muli ku Kasungu, iyo ikupita kunyanja

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chamama, konkuno ku Kasungu. Akuti atagulitsa fodya ku Chinkhoma anaganiza zoti ndalama zina aike pa usodzi, ndiye anagwirizana ndi mlamu wawo wa ku Nkhotakota yemwe ali ndi boti la matabwa ndi chilimira koma alibe injini. Agula Yamaha Enduro ya 15 HP yogwirapo kale ntchito. Wogulitsa anailiza mumgolo wa madzi, inalira bwino, penti nayo ikuwala. Pano ili m'nyumba kudikira ulendo. Funso lawo ndi ili: "Ndiisamale bwanji kuti isandifere msanga, poti ine ndidzakhala kuno kumunda, iyo ili kunyanja?"

Bambo, zikomo polemba, ndipo mwafunsa pa nthawi yake, injini isanakhudze madzi. Ndikhazikika kwambiri pa mawu anu omalizawo, chifukwa injini imene mwini wake ali kutali imafuna dongosolo lina, losiyana ndi la munthu amene amaikoka yekha chingwe usiku uliwonse.

Za penti iwalani. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kulira mumgolo nako kumangosonyeza kuti moto ulipo ndipo petulo akufika. Injini yotha imaliranso bwino ngati sikukankha boti lodzaza anthu, ukonde wonyowa ndi usipa. Inu muitenge ngati sinasinthidwepo kanthu chiigulireni mwini wake woyamba, ngakhale wogulitsayo atalumbira kuti wangoichititsa sevisi. Ndipo musanagwire sipanala, yang'anani kachitsulo ka nambala komatidwa pa bulaketi yomangira injini kuboti. Kajambuleni pa foni, nambalayo ilembedwenso pa kalata yanu yogulitsirana. Injini zimabedwa m'madoko, ndiye ngati kachitsuloko kachotsedwa kapena kupalidwa, bwererani kwa wogulitsa lero lomwe.

Ntchito yoyamba mungaigwire nokha pakhonde. Kumunsi kwa injini, komwe kuli pulopela, kuli magiya amene amakhala mu oyilo wawowawo. Pambali pake pali masikuluwu awiri, lina pamwamba lina pansi. Imikani injini chilili, ikani mbale yoyera pansi, masulani la pansi kenako la pamwamba, muone chimene chituluke. Oyilo wakuda ndi wongokalamba basi, ameneyo asakudetseni nkhawa. Akatuluka wotuwa mwamkaka, kapena madzi akayamba kutuluka oyilo asanabwere, dziwani kuti masilo, timphira totchinga madzi, atha ndipo madzi akulowa. Mukaona tizitsulo tonyezimira m'mbalemo ndiye kuti magiya ayamba kudyana, nkhani imeneyo ndi ya makaniko. Pothira watsopano, giya oyilo wa SAE 90, pafupifupi 250 ml pa injini ngati yanuyi, mumathirira pa bowo la pansi mpaka asefukire pa la pamwamba, kenako mumatseka la pamwamba, la pansi pomaliza. Mukathirira pamwamba mpweya umatsekeredwa mkati, inu n'kumaganiza kuti wadzaza pomwe wangofika theka. Timawashala ta masikuluwu aja ikani tatsopano. Ndi totchipa, koma madzi amalowera pomwepo.

Mukadali kumunsi komweko, chotsani pulopela. Zulani kaye nthambo za mapulagi ndipo giya ikhale pa nyutulo, kuti zala zanu zibwerere zonse. Kumbuyo kwa pulopela nthawi zambiri mumapeza ulusi wa ukonde kapena wa mbedza utazengerezeka pa shafiti. Ulusi umenewu ndi umene umadula masilo aja, ndipo pa boti la chilimira udzabweranso kawirikawiri. Uchotseni wonse, pakani girizi wosasungunuka ndi madzi pa shafiti, bwezerani pulopela ndi kapini katsopano.

Tsopano impela. Apa ndi pamene anzathu okonza njinga za kabaza amasokonezeka, chifukwa njinga imazizira ndi mphepo pomwe injini ya boti imazizira ndi madzi amene imakoka yokha m'nyanja. Chokoka madziwo ndi kampira ka mapiko kotchedwa impela, kamene kali pamwamba pa magiya aja. Kampirako kamauma ndi kung'aluka kakakhalitsa, ndipo kakazungulira popanda madzi kamapsa mphindi imodzi isanathe. Munthu akangonena kuti "tiyeni tiimve pang'ono chabe mmene ikulirira" injini ili pamtunda, mukanizeni, kaya ndi ndani. Mumgolo namo madzi afike pamwamba ndithu, apitirire kachitsulo kopingasa kamene kali pamwamba pa pulopela, ndipo musaikoke moto kwambiri mmenemo. Impela musinthe tsopano osadikira kuti muone ngati yatha, kenako chaka chilichonse. Makaniko akatsegula, aonenso kapu imene impela imazunguliramo ngati yakandika ndi mchenga, komanso atsegule thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini. Mukapeza zoyera zouma zitamatirira m'njira za madzi, mwina injiniyo inagwirapo ntchito m'nyanja ya mchere isanafike kuno, ndipo njirazo zikufunika kupalidwa. Nyanja yathu ilibe mchere, ndiye mukaiyeretsa kamodzi vutolo latha.

Pemphaninso makaniko amene ali ndi geji ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya masilinda onse awiri. Manambala awiriwo akhale oyandikana. Akasiyana kuposa 10 peresenti, maring'i kapena pisitoni ya mbali imodzi yatopa, ndipo ndi bwino mudziwe lero pamene wogulitsa akadayankha foni. Mapulagi ikani atsopano. Pa Yamaha 15 za two-stroke, zosakaniza oyilo m'petulo, mpata wa pulagi ndi 0.9 mpaka 1.0 mm. Akalewo musataye musanawayang'ane: ofiirira ndi abwino, akuda onyowa akusonyeza kuti mafuta akuchuluka, oyera mbuu ndiwo oopsa chifukwa injiniyo imatentha kwambiri.

Zonse ndanenazi ndi za tsiku limodzi kapena awiri. Chimene chidzasunge kapena kupha injini yanu tsiku ndi tsiku ndi oyilo wosakaniza m'petulo. Enduro yanuyi ilibe malo osungira oyilo ngati galimoto. Oyilo yekhayo amene amafika ku mabeling'i ndi pisitoni ndi amene wathiridwa m'petulo, ndipo amapsera limodzi. Mlingo wodziwika wa Enduro ndi 50:1, kutanthauza 100 ml pa malita 5, 400 ml pa chigubu cha malita 20, theka la lita pa malita 25. Ngati makaniko asintha maring'i kapena pisitoni, maola 10 oyamba muwirikize kawiri, 25:1, ndipo asaithamangitse kwambiri. Oyilo wake ayenera kukhala wa injini za maboti, wolembedwa TC-W3 pa botolo. Wa 2T wa njinga ndi macheka anapangidwira injini zozizira ndi mphepo, ndipo amasiya mwaye wochuluka pa mapulagi ndi maring'i. Wa galimoto ayi, makamaka wakuda uja wokhetsedwa ku galaji, amene ena amathira akathedwa nzeru.

Vuto lanu lenileni lili apa. Oyilo ndi ndalama, ndipo ngati mtengo wake ukuchotsedwa pa nsomba alovi, asodzi ogwira ntchito m'botimo, asanagawane, aliyense m'botimo ali ndi chifukwa chochepetsera. Sindikunena kuti ndi akuba. Munthu amene wakoka ukonde usiku wonse n'kubwerako ndi ndowa ziwiri za usipa amaona botolo la oyilo ngati ndiwo za ana ake, ndipo injini yochepetsedwa oyilo siidandaula tsiku lomwelo. Imayenda bwinobwino, utsi n'kuchepa, mpaka tsiku lina ingouma pakati pa nyanja. Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi: oyilo muzigula nokha, katoni yosatsegula, ndipo mtengo wake uzichoka pa gawo lanu la mwini injini. Muwapatse botolo loyezera lolembedwa mzere pa 400 ml, kuti pasakhale zoyeza ndi maso mumdima. Kenako muziwerengera: malita 200 a petulo ayenera kumaliza malita 4 a oyilo. Petulo akatha wochuluka chotere koma mabotolo akadali odzaza, imbani foni msanga. Mabotolo otha awasunge, muzikawawerenga.

Petulo wathu ali ndi khalidwe lake. Kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale ya ku Dwangwa, kufupi ndi kumene injini yanu ikupita, inayamba ntchito imeneyi mu 1982. M'galimoto imene ikuyenda tsiku lililonse palibe vuto, koma ethanol amayamwa chinyontho, ndipo m'boti chinyontho chili paliponse. Petulo akakhalitsa m'thanki, madzi amadikha pansi, pomwe paipi imakokera. Amawononganso mapaipi akale a mphira. Choncho finyani kampira kopopera petulo kaja, pindani paipi: zikakhala zouma kapena zong'aluka, gulani zatsopano. Petulo wosakaniza kale asamagone mwezi wathunthu. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni n'kugula a m'zigubu, athireko pang'ono m'botolo loonekera mkati, adikire mphindi zingapo, madzi ndi zinyalala zidzaoneka pansi. Pothira m'thanki asefe nthawi zonse. Pa chitsekerero cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya, kotsegula poyenda n'kutseka pofika. Injini zambiri zimene anthu amati zafa panyanja zimakhala kuti kameneka kaiwalika. Boti likakhala kuti liima masabata awiri kapena kuposa, azule paipi injini ikulira m'madzi mpaka izime yokha, kuti kabuleta isatsale ndi petulo woti aume n'kutseka majeti.

Za kabuleta ndionjezeko chimodzi. Kuitsuka mungatsukitse kuno, koma kuitchuna komaliza kusiyireni makaniko wa kunyanja, injini ili paboti ndi katundu wake. Kasungu ili pamtunda, mamita 1,000 ndi kuposerapo, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wochindikala. Yotchunidwa kuno kuti izimwa pang'ono ikafika uko imaperewera mafuta, ndipo pa two-stroke kuperewera petulo ndi kupereweranso oyilo.

Paulendo wa pa M18, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, injini isagone chigonegone pansi pa matumba a chimanga. Iimikeni kaye madzi onse akhe, kenako muigoneke pa tayala lakale kapena matiresi, mutu uli pamwamba kuposa pulopela, kuti madzi otsala asabwerere m'masilinda kudzera njira ya utsi.

Kunyanjako mlamu wanu asankhe munthu mmodzi woyendetsa, osati aliyense amene wayandikira chogwirira. Munthuyo akaliza injini ayang'ane kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo. Kakapanda kutuluka azimitse nthawi yomweyo, atokose kabowoko ndi kawaya kofewa, kakakanabe asapite. Aisiye itenthe mphindi zitatu asanakoke moto. Pofika pagombe azimitse boti lisanafike posaya, atukule injini, otsalawo amalize ndi nkhafi, chifukwa mchenga wa pagombe ndi umene umadya impela ndi pulopela. Zomangira za bulaketi azikhwimitsa tsiku lililonse, ndipo injini imangidwenso ndi chingwe kuboti. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amagwedeza boti mpaka zomangira kumasuka, ndipo injini yopanda chingwe ikagwera pakuya ndiye yapita. Ikamira n'kuvuulidwa, isagone: achotse mapulagi, akoke chingwe madzi atuluke, athire oyilo m'masilinda, akhetse kabuleta, ailize tsiku lomwelo. Koma ngati mwalowa mchenga asaizungulitse n'komwe, ipite kwa makaniko. M'boti musasowe mapulagi awiri, sipanala yake, chingwe cholizira chapadera, kapini ndi nati ya pulopela, nkhafi ndi majekete oyandamitsa a aliyense. Kachingwe kozimitsira injini woyendetsa avale padzanja, asakamange pa chogwirira.

Buku la injini limanena zosintha giya oyilo pa maola 100 aliwonse, koma paboti la matabwa palibe mita yowerenga maola, ndipo palibe amene adzalembe. Injini yoyenda maola atatu kapena anayi usiku uliwonse imakwanitsa maola 100 pa mwezi umodzi. Ndiye gwiritsani ntchito kalendala imene asodzi ali nayo kale. Usipa amaukopa ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyalizo sizikoka nsomba, maboti ambiri amapuma. Masiku amenewo akhale a sevisi: kukhetsa giya oyilo, kuchotsa pulopela n'kufufuza ulusi, kutsuka kakapu ka fyuluta ya petulo, kuona mapulagi, kupopa girizi m'manipo onse, kuona ngati chingwe cholizira chayamba kuyoyoka. Mwezi mukuuona nanunso muli ku Chamama, ndiye simudzafunika wokukumbutsani.

Mlamu wanu azikutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha giya oyilo ali m'mbale, china cha mapulagi, ndi kavidiyo ka madzi akutuluka kumbuyo kwa injini. Oyilo akaoneka wotuwa, boti lisalowe m'madzi mpaka masilo asinthidwe, ngakhale usipa utachuluka bwanji sabata imeneyo. Lamulo limeneli mugwirizane tsopano, pamaso pa mboni, ndalama ya nsomba isanayambe kulowa, chifukwa kuuza mlamu kuti aimike boti anzake akudzaza ndowa ndi nkhani imene imafika mpaka kwa akazi anu.