Kwa achemwali amene afunsa za qigong wa pampando kwa mayi a ku Bangula

Achemwali, ndawerenga funso lanu lokhudza mayi athu a ku Bangula, amene mwati apitirira zaka 70, mawondo awo anagwidwa ndi nyamakazi, amamwa mankhwala a bipi, ndipo masiku ano amangoswera pamkeka pansi pa mtengo wa nimu popeza kudimba sakupitanso. Mwafunsa ngati masewero a qigong ochita munthu ali chikhalire, amene mwawaona pa Facebook, angawathandize, komanso ngati mulibe choopsa m'menemo, poti ena muno m'gulu anena kuti ndi zamizimu. Yankho langa ndi lakuti mayi ayambe, ndipo musazengereze, koma muwatenge masewerowa ngati khomo lowabwezera ku kuimirira ndi kuyenda, osati ngati chinthu chowakhazika pampando moyo wawo wonse.

Qigong ndi masewero a ku China amene amaphatikiza kusuntha ziwalo mofatsa, kupuma mwadongosolo ndi kuika maganizo pa zimene thupi likuchita. Mitundu yake ndi yambirimbiri, koma imene mungaipeze msanga ndi iwiri. Woyamba ndi Baduanjin, wa magawo 8, umene unkadziwika kale m'nthawi ya ufumu wa Song, pakati pa zaka za 960 ndi 1279, ndipo m'chaka cha 2003 nthambi ya boma la China yoona zamasewero inauika m'gulu la mitundu inayi imene inakonzedwanso kuti anthu wamba azichita pofuna thanzi. Wachiwiri ndi Shibashi, wa magawo 18, umene Lin Housheng anaukonza mu 1979. Kwa mayi ndingasankhe Baduanjin, chifukwa magawo 8 munthu wachikulire amawasunga m'mutu popanda kudalira foni tsiku lililonse.

Nkhawa ya zamizimu sindikuipeputsa, chifukwa anthu amene aitchula akufunira mayi zabwino. N'zoona kuti aphunzitsi a ku China amafotokoza masewerowa ponena za mphamvu imene amaitcha qi, imene amati imayenda m'thupi, ndipo n'zoonanso kuti mitundu ina inakulira m'nyumba za chipembedzo cha Chitao ndi Chibuda. Koma m'magawo amene ndikufotokoza pano mulibe pemphero, mulibe nsembe, mulibenso dzina limene munthu amaliitana. Phewa likamakwezedwa tsiku ndi tsiku limamasuka, kaya mwini wake amakhulupirira za qi kaya ayi. Ngati mtima wa mayi ukukayikabe, aziyimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi kwawo pochita, ndipo palibe chimene chitayike.

Muyembekezere zinthu zoyenera. Anthu achikulire amene amachita masewero ofatsa otere mosadumphadumpha kawirikawiri amamasuka mapewa, khosi ndi msana, amapuma bwino, ena amagonanso tulo tabwino, ndipo mtima umakhala m'malo. Koma qigong sachiza nyamakazi, ndipo salowa m'malo mwa mankhwala a bipi kapena a shuga. Mukakumana ndi munthu wonena kuti mayi asiye mapilitsi chifukwa ayamba qigong, kapena wofuna ndalama kuti awatumizire mphamvu yochiza, mumukane kwamtuwagalu. Ndikunena izi molimba chifukwa bipi yosiyidwa mankhwala ndiyo imabweretsa sitiroko, ndipo imatero popanda kuchenjeza.

Chinthu choyamba kukonza si kanema ayi, ndi mpando. Pamkeka sipoyenera, chifukwa munthu wa mawondo opweteka akakhala pansi atatambalala msana umapindika, chifuwa chimapanikizika, ndipo kudzukapo ndi nkhondo. Mpando wa ndalema nawonso suyenera, poti umagoneka munthu chagada. Mipando ya pulasitiki imene tili nayo m'makomo ambiri muisamale kwambiri: ikakhalitsa padzuwa la kuno imauma n'kuyamba kuthetheka, ndipo pabwalo la mchenga mwendo umodzi umatitimira munthu akangopendekera mbali imodzi. Pezani mpando wa matabwa wolimba, wa msana woongoka, muuike pamalo osalala monga pakhonde, kumbuyo kwake kutatsamira khoma. Mayi akhale chakutsogolo pang'ono, msana osatsamira ngati angathe, mawondo atalingana ndi chiuno kapena atatsika pang'ono, mapazi onse awiri ataponda pansi kwathunthu motalikirana ngati mapewa. Amayi ambiri a kwathu ndi aafupi, ndipo mudzaona kuti pampando wotere zala zokha ndizo zikugunda pansi, zidendene zili m'malere. Zikatero ikani thabwa lalikulu kapena njerwa ziwiri zogoneka pansi pa mapazi, chifukwa munthu amene mapazi ake sanaponde amalimbitsa m'chiuno mosadziwa, ndipo pakutha pa mphindi zochepa amadandaula msana. Chitenje achimange momasuka kuti mimba izitha kutukuka popuma.

Nthawi nayo ndi nkhani yaikulu kuno kuchigwa. Makanema ambiri amene mukuonawo anajambulidwa m'malo ozizirako kuposa kuno, pamene kwathu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mankhwala ena a bipi amakodzetsa, kotero kuti munthu wachikulire amatha madzi m'thupi msanga asanamve n'komwe ludzu. M'miyezi imeneyi mayi azichita m'mamawa dzuwa lisanakwere, atamwa kapu ya madzi, kapena madzulo kukayamba kuzizira udzudzu usanatuluke. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, mawondo a nyamakazi amadzuka ali gwa, ndiye ndi bwino kudikira kuti dzuwa liwombe kaye pakhonde. Asachite atangodya nsima, ndipo munthu amene amamwa mankhwala a shuga asachite ndi njala, ayambe walawa kaphala.

Tsopano kachitidwe kake. Asanasunthe chilichonse, mayi akhale phee kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, manja ali pamimba chakumunsi kwa mchombo, mapewa atagwa, akukoka mpweya ndi mphuno mpaka amve mimba ikukankha zikhatho, kenako n'kuutulutsa mosafulumira. Lamulo la kapumidwe ndi losavuta: manja akamakwera kapena kutambasuka, mpweya uzilowa; akamatsika kapena kubwerera, uzituluka. Asatsekere mpweya m'chifuwa ngakhale pang'ono, chifukwa kutero kumakweza bipi. Ngati kapumidweka kakuwasokoneza masiku oyamba, asiyeni azipuma monga mwa nthawi zonse, zidzagwirizana zokha. Liwiro la manja likhale la munthu amene akuwasuntha m'madzi ofika m'khosi.

Gawo loyamba, alukanitse zala patsogolo pa mimba, akweze manja kudutsa pachifuwa, atembenuze zikhatho kuti ziyang'ane kumwamba n'kukankha mofatsa, kenako alekanitse manja n'kuwatsitsira m'mbali. Ngati phewa likukana kupitirira pamphumi, alekere pomwepo. Malire ndi pamene ululu wayambira. Lachiwiri ndi lokoka uta: dzanja limodzi liloze kumbali, lina likokere chigongono kumbali inayo ngati likukoka chingwe cha uta, maso akutsatira dzanja lolozalo, kenako asinthe. Gawo limeneli ndimalikonda kwambiri kwa amayi amene atha zaka akuwerama ndi khasu ndi kusenza mitolo, chifukwa limatsegula chifuwa ndipo limagwiritsa ntchito minofu ya pakati pa mapewa imene imafooka munthu akamakhala chowerama. Lachitatu, chikhatho chimodzi chikankhe kumwamba pamene china chikukankha pansi pambali pa ntchafu. Lachinayi, manja ali m'mbali, atembenuze mutu pang'onopang'ono ngati akuyang'ana munthu amene wawaitana kumbuyo, kumanzere kenako kumanja.

Lachisanu, lozunguza mutu ndi thupi, ndikupempha kuti alidumphe kaye, chifukwa ndilo limabweretsa chizungulire msanga. Lachisanu ndi chimodzi m'makanema amawerama mpaka kugwira mapazi, koma mayi asisite msana wa m'munsi ndi zikhatho, atsetsereze manja pantchafu mpaka pamawondo basi, msana uli woongoka, n'kubwerera. Kuwerama kwambiri sikoyenera kwa amayi achikulire amene mafupa a msana anayamba kufooka. Lachisanu ndi chiwiri, afumbate nkhonya m'chiuno, atulutse imodzi kutsogolo mofatsa, atambasule zala, afumbatenso n'kubweza. Lomaliza, akweze zidendene zala zili pansi, n'kuzitsitsa. Ili limaoneka lachabechabe, koma kwa munthu woswera chikhalire limagwiritsa ntchito akatumba amene amathandiza kubweza magazi kuchokera kumiyendo. Pomaliza atikite zikhatho mpaka zitenthe n'kufunditsa mawondo.

Pofufuza pa YouTube mulembe mawu akuti chair qigong kapena seated Baduanjin, koma mudziwe kuti a Baduanjin wokhala pansi alipo awiri. Wina ndi wakale, wochita munthu atapinda miyendo pansi, wokhala ndi zogunditsa mano ndi kugogoda kunkhongo ndi zala. Ameneyo si wa mawondo a mayi. Sankhani kanema amene mphunzitsi wakhala pampando wamba, mapazi ali pansi.

Sabata yoyamba magawo atatu ndi okwanira, lililonse kanayi, mphindi 5 mpaka 10 zonse pamodzi. Aziwonjezera gawo limodzi pakapita masiku angapo mpaka afike mphindi 15 kapena 20. Malangizo a 2020 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo, ndiponso masiku atatu azichita zowathandiza kuti asamagwe. Malangizo omwewo amanenanso kuti kuchita pang'ono n'kwabwino kuposa kusachita konse, ndipo munthu ayambe pang'ono n'kumawonjezera. Manambalawa asakuopseni, mayi akuchokera pamkeka, ndipo mphindi 10 za tsiku lililonse n'zamtengo wapatali kwa iwo kuposa ola lathunthu la kamodzi pa sabata.

Apa ndipo pali mfundo imene ndikufuna muisunge koposa zonse. Masewero a pampando amagwira kwambiri kumtunda kwa thupi, koma mphamvu zodzukira ndi zoyendera zili m'ntchafu ndi m'chiuno, ndipo phindu lochepetsa kugwa limene ofufuza analipeza pa masewero a mtundu umenewu linaoneka makamaka pa tai chi, masewero ena ofatsa a ku China ofanana ndi qigong, wochita choimirira. Choncho, ngati mayi amatha kuima ngakhale ndi ndodo, tsiku lililonse akamaliza azidzuka pampandopo n'kukhalanso mofatsa, katatu poyamba, kenako kasanu, mpaka kakhumi. Akokere mapazi kumbuyo pang'ono, apendekere kutsogolo, akankhe ndi manja pampando ngati pakufunika, ndipo pokhala asadzigwetse. Munthu wina aime pambali pawo, osati kuwakoka mikono, koma kungokhala pafupi. Akaima adikire kaye pang'ono asanaponye phazi, chifukwa anthu omwa mankhwala a bipi nthawi zina amachita chidima m'maso akadzuka mofulumira. Ife a kuchigwa tikudziwa kuti kutha kudzuka wekha si nkhani yopitira kuchimbudzi yokha. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza mmene zimavutira kusamutsa munthu amene sangaime, madzi akulowa m'nyumba usiku.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka mayi asiye nthawi yomweyo: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kubanika, chizungulire, thukuta lozizira, kapena mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi. Pakamwa pakapotoka, mawu akayamba kulemera, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka, thamangirani nawo kuchipatala osadikira kuti kuche. Kuphwanya pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, koma bondo likatupa n'kumatentha lipumitsidwe, ndipo tsiku limenelo achite za manja zokha. Akadzapita kukatenga mankhwala, kaya ndi ku Kalemba komweko ku Bangula kaya ku chipatala cha boma ku Nsanje, awauze a dokotala kuti ayamba masewero otere, ndipo ayezetse bipi. Kwa ena muno m'gulu amene makolo awo anadwalapo sitiroko, ndikuwonjezera kuti mkono wofookawo usamakokeredwe pamwamba pa mutu, chifukwa phewa lake limakhala lolefuka ndipo limavulala msanga. Dzanja labwino liugwirizize n'kuukweza mpaka pachifuwa basi, ndipo ndi bwino kuyamba mwaonana ndi a mafizo kuchipatala cha boma kapena ku Kachere ku Blantyre.

Musawatumizire kanema pa WhatsApp n'kuganiza kuti ntchito yatha. Mphunzitsi wa m'kanemayo amalankhula Chingerezi kapena Chitchaina, foni ndi yaing'ono, maso a mayi ndi otopa, ndipo bando imatha. Inuyo muphunzire kaye magawo atatu oyambawo, ndipo mukapita kumudzi mukhale pampando wina moyang'anizana nawo, muzichita iwo akutsanzira. Mdzukulu mmodzi wofatsa aphunzire nawo kuti adzapitirize inu mukabwerera, ndipo ngati pali anzawo a mayi oyandikana nawo, kapena a kumvano, muwaitane. Anthu achikulire sasiya msanga chinthu chimene anzawo akuwadikirira. Tsiku loyambalo muone ngati akutha kumanga mpango kumutu popanda kudandaula phewa, ndiponso muwerenge kuti akudzuka pampando kangati asanatope. Pakatha mwezi muyesenso zomwezo, ndipo ngati sizikusintha kapena zikubwerera m'mbuyo, muwatengere kwa a mafizo akawaunike mawondowo.