Funsani Achimwene: Durban kapena Cape Town pa Disembala?

Funso: Achimwene, ine ndimakhala ku Rosettenville, ndimagwira ya zomangamanga. Chaka chino kumudzi sitipita, thiransipoti yakwera udyo, ndiye madamu akuti bola ana akaoneko nyanja yamchere kampani ikatseka. Tikukanganabe, iwo akufuna Cape Town ine Durban. Tiweruzeni. Bambo wa ana awiri.

Yankho: Bambo, auzeni madamu mwaulemu kuti ulendo uno mwawina ndinu. Cape Town ndi yokongola, palibe angatsutse, koma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera pa Joni pano, ana awiri mu basi usiku wonse mpaka mawa lake, mukafika mutadana kale. Komanso madzi akumeneko, makamaka mbali ya Atlantic, ndi ozizira zedi, mwana amangoviika phazi n'kuthawa. Durban ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, mukakwera pa Park Station m'mawa madzulo mwafika, kudutsa Harrismith, kutsetsereka Van Reenen, kenako Pietermaritzburg. Nyanja yake ndi ya Indian Ocean, madzi ofunda bwinobwino. Matikiti gulani pano, musadikire Disembala, mitengo imapenga.

Chomwe ndimaikondera Durban n'choti zambiri zabwino ndi zaulere. Msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja umachokera pa uShaka Marine World, kudutsa Golden Mile, kulambalala sitediyamu ya Moses Mabhida ija inamangidwira World Cup ya 2010, mpaka ku Blue Lagoon. Mumangoyenda basi, ana akunyambita ayisikilimu. Mukumana ndi azibambo okoka rickshaw, tingolo tonyamula anthu, atavala zipewa zazikulu za mikanda ndi nyanga, koma gwirizanani kaye mtengo, ndipo dziwani kuti kujambulitsa nawo nakonso n'kolipira. Ku uShaka kulowa kokaona nsomba ndi mashaki ndiye kumafuna marandi, ndiye muike padera ya tsiku limodzi.

Tsopano pa nkhani yosamba mundimvetsetse. Kuja si ku Senga Bay ayi. Funde limakugwetsa n'kukukoka, ndipo pali malo ena pomwe madzi amabwerera mkati mwamphamvu moti ngakhale wodziwa kusambira amasowa chochita. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pomwe pali opulumutsa anthu, akaimba wezulo tulukani, osachita makani. Madzi akakukokani musalimbane nawo, kwezani dzanja, sambirani cham'mbali. Mufunsenso ngati bichi ili yotsegula, chifukwa chichitikireni kusefukira kwa madzi kwa mu Epulo 2022 mabichi ena amatsekedwa nthawi zina kaamba ka zonyansa za m'masuweji. Mowa pa mchenga saloleza, apolisi amakhuthula uli kuona.

Masiku a 16 ndi 26 Disembala komanso 1 Januwale anthu amakhala ngati atuluka onse m'dziko muno, ana amasochera ambirimbiri. Mwana aliyense mumuveke kalamba pamkono kolembedwa nambala yanu ya foni. Ine ndikanakhala inu masiku amenewo ndikanakwera takisi kupita ku Umhlanga kapena ku Botanic Gardens kukapuma pa mthunzi.

Musangothera kunyanja, lowani m'tauni. Amwenye anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe, ndipo zidzukulu zawo zilipo zambiri, mumva Chizulu uku, Chingerezi cha Amwenye uku, Chiswahili ndi Chichewa chomwe pa kona. Ku Victoria Street Market fungo la masala limakulandirani pakhomo, madamu akagule zokometsera ndiwo. Chapafupi pali mzikiti waukulu wa Juma Masjid. Ndipo musabwereko musanadye bunny chow: kota ya buledi yokumbidwa pakati, mwadzaza ndiwo za curry za nyama ya nkhosa kapena nyemba, mumadya ndi manja kuyambira kachidutswa kapamwamba kaja. Tsabola wake sachita masewera, ana muwafunsire wosawawa.

Pasipoti ndi mapepala anu muyende nazo, foni m'thumba, ndipo mbali ya Point ndi South Beach usiku musamayendeyende.

Funso: Anzanga amva kuti ndikupita ku Durban, aliyense akuti ndimutengereko madzi a m'nyanja m'chigubu, ati amachotsa minyama. Nditani? Mayi wa ku Mayfair.

Yankho: Mayi, mukaona nokha anthu akutunga m'mabotolo a malita awiri, ena kuika ndi mchenga womwe. Za minyamazo aliyense ndi chikhulupiriro chake, ine sindilowererapo. Changa n'choti asamwe, mcherewo umatsegula m'mimba. Ndipo wofuna chigubu cha malita 20 muuzeni alipire yekha ya katundu pa basi.