Hilux yomisa: pezani kaye silinda yolakwa musanagule mainjekita

Achimwene, mwati Hilux yanu ya petulo, 2.7 VVT-i, ikunjenjemera ikaima, pamtunda ikutha mphamvu ngati ikutsamwa, nyali ya Check Engine ikuthwanima, ndipo mapulagi mwasintha kale koma vuto likadalipo. Uku ndiko kumisa: silinda ina ya injini siikuwotcha bwino petulo. Amakanika akuti mugule mainjekita onse anayi, tizipangizo topopera petulo m'injini. Ndalamayo isungeni kaye.

Nyaliyo musaitenge mopepuka. Ikangoyaka osazima mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka kugalaja, koma ikamathwanima ndiye kuti petulo wosapsa akutsikira mu ekizozi n'kumakapsera mu catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Imeneyo ikatentha kwambiri imasungunuka mkati n'kutsekeka, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Zonyamula matumba a chimanga ulendo wautali zilekeni mpaka vuto lipezeke.

Injini yanu ndi 2TR-FE, ya masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake, yopereka moto, pamwamba pa pulagi. Kompyuta ya galimotoyo imadziwa silinda yomwe ikumisa, chofunika n'kuifunsa. Pezani wa makina a diagnosis, ngakhale kachipangizo ka ELM327 kolumikiza ku foni kamakwanira. Makinawo amaonetsa khodi ya vuto: P0301 ndi silinda yoyamba, yakutsogolo kufupi ndi rediyeta, mpaka P0304 yakumbuyo kwenikweni. P0300 ndiye kuti ikumisa mosasankha.

Tinene kuti mwapeza P0302. Masulani kabawuti ka 10 kogwira koyilo ya silinda 2, musinthanitse koyiloyo ndi ya silinda 3, mufufute khodi, muyende pang'ono. Khodi ikasanduka P0303, vuto latsata koyilo, gulani imodzi yokha basi. Ikakhalabe P0302, sinthanitsaninso mapulagi chimodzimodzi. Zimandipweteka kuona munthu atagula zinthu zinayi zodula pomwe kuyesa kumeneku sikufuna ndalama, n'sipanala chabe ndi theka la ola.

Koyilo ikatuluka, unikani ndi tochi m'dzenje la pulagi. Mukaona oyilo atadikha, gasiketi ya tapeti kava (chivindikiro cha pamwamba pa injini) yatha, ndipo oyiloyo amawononga labala ya koyilo. Pa labalayo ndi pa mbali yoyera ya pulagi yang'anani kamzere kakuda kowonda ngati kolembedwa ndi pensulo. Kameneko ndi njira yomwe moto wakhala ukuthawira m'malo mokafika kunsonga ya pulagi. Mukakapeza, sinthani pulagi ndi labala pamodzi, apo ayi chakalecho chiwononga chatsopano. Ngati vuto linayamba atangotsuka injini ndi madzi amphamvu, umitsani maenjewo musanaganize zina.

Mapulagi atsopanowo musawakhulupirire msanga. Abodza olembedwa Denso kapena NGK adzaza m'mashopu, bokosi lokongola bwinobwino, koma ena amayamba kumisa mwezi usanathe. Yezani mpata wa kunsonga, uyenera kukhala pafupifupi 1.1 mm. Akale aja ngati simunataye, ayaleni mwandondomeko. Yotuwira mofiirira ili bwino, yakuda ndi mwaye kapena yonyowa petulo ikuloza silinda yodwala, ndipo yoyera mbee ngati yotsukidwa ikusonyeza kuti madzi akulowa m'silindamo.

Moto ukapezeka kuti uli bwino m'pamene mufike ku injekita. Injini ikulira, gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chigwiriro pakhutu. Yamoyo imamveka tiki-tiki-tiki mosadukiza. Zulani waya wa injekita imodziimodzi: silinda yabwino mukaizula injini imagwa mphamvu, yakufa sipasintha kanthu. Pa mita yoyezera magetsi injekitayo iyenera kuonetsa pafupifupi 12 ohms. Nayonso imasinthanitsidwa ngati koyilo, ndipo yotsekeka nthawi zambiri imachira poitsuka pa makina. Kuti anayi onse afe tsiku limodzi n'zosowa kwambiri.

Khodi ikakhala P0300, makamaka pamodzi ndi P0171 (mpweya wachuluka kuposa petulo), siyani za silinda imodzi. Fufuzani paipi yong'ambika yomwe ikuba mpweya, tsukani MAF sensor (kachipangizo koyeza mpweya wolowa m'injini) ndi sipule yake yeniyeni osakhudza kawaya kake, muone eyafyuluta, chifukwa fumbi la misewu yathu sililekerera. Muganizirenso komwe munathira mafuta komaliza. Petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta amabwera ndi madzi, zinyalala, pena palafini, ndipo petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol yemwe amakoka chinyezi. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye likhazikike. Madzi akachuluka amakhala pansi paokha. Zikatero khuthulani thanki, musinthe fyuluta ya petulo, ndipo amakanika ayeze mphamvu ya pampu ya petulo.

Kompuresheni, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya, ndiye yomaliza kuyeza. Masilinda onse azifanana, kusiyana kusapitirire pafupifupi 10 peresenti. Yotsikayo muthiremo kasupuni ka oyilo muyezenso: ikakwera ndi maring'i, ikapanda kukwera ndi mavalavu kapena gasiketi ya hedi. Ngati madzi a mu rediyeta akumachepa popanda podontha, utsi woyera ukutuluka, ndipo imamisa kwambiri m'mawa ikangolizidwa, gasiketiyo ndiye muikayikire. Aliyense wofuna kutsegula injini akuonetseni kaye manambala amenewa pa geji, inu muli pomwepo.

Mukapeza khodi ilembeni pano, mutumizenso chithunzi cha mapulagi anayiwo ataikidwa 1 mpaka 4, mutiuzenso ngati imamisa kwambiri ikazizira kapena ikatentha.