Digiri ya zachitukuko: yankho kwa mchemwali yemwe wangokhoza MSCE

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana yemwe wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Akuti mtima wake uli pa maphunziro a zachitukuko, aja pamndandanda wa makosi amalembedwa kuti Development Studies kapena Community Development, koma bambo ake akuti imeneyo ndi digiri yoyenda nayo m'maofesi envulopu ili m'manja. Akufunsa kuti kwenikweni amaphunzira chiyani, asankhe sukulu iti, komanso ngati n'kwanzeru kulimbana zoti akaphunzire kunja.

Mchemwali, nkhawa ya bambo anu musaitaye. Ntchito zambiri za gawo limeneli zimadalira ndalama za mayiko othandiza, ndipo ndalamazo zikuchepa. Mu 2025 boma la America lidatseka USAID, bungwe lake lopereka thandizo kumayiko ena, mapulojekiti ambiri kuno adaima, anthu n'kuchotsedwa ntchito. Dziko la Britain nalo lidatsitsa thandizo lake mu 2021 kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma chake kufika pa 0.5, ndipo mu 2025 lidalengeza kuti litsitsanso kufika pa 0.3. Komabe maphunzirowa ndi abwino, ndipo dziko likuwafuna. Chofunika n'chakuti mukatuluke ndi luso looneka, loti wolemba ntchito atakupatsani kompyuta kapena kukutumizani kumudzi, muchite chinthu tsiku lomwelo. Digiri yopanda luso lotere ndi imene bambo akunenayo.

Maphunzirowa ali ndi mbali ziwiri. Mbali ya chitukuko cha pakati pa mayiko imafufuza chifukwa chimene mayiko ena adalemerera ena n'kutsalira: malonda, ngongole, ntchito za World Bank ndi IMF, zolinga 17 za chitukuko zomwe United Nations idagwirizana mu 2015, ndi masomphenya athu a Malawi 2063 omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Mbali ya chitukuko cha m'madera ndi ya pansi, pamene pali fumbi. Kumeneko mudzaphunzira mmene ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 idakonzera zinthu: komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kwa gulupu, ya m'dera (ADC) kwa mfumu yaikulu, kenako khonsolo ya boma, ndi mmene zofuna za mudzi zimayenera kukwerera m'makomiti amenewa mpaka kulowa m'pulani ya chitukuko ya khonsoloyo.

Tengani chitsanzo cha mjigo, chifukwa pamjigo m'pamene pamaonekera ngati munthu adaphunziradi. Kukumba ndi kuika pampu ya Afridev ndi ntchito ya masiku ochepa. Muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito kuno ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250. Koma m'kati mwa pampu muli timaraba ndi tizipangizo tina tomwe timatha ndi kupopa, ndipo timafunika kusintha kawirikawiri. Mtengo wake ndi wochepa, koma komiti ya pamjigo ikakhala kuti sitolera kangachepe mwezi ndi mwezi, kapena msungichuma adabwereketsa ndalamazo pamaliro, tsiku lomwe karaba kang'ambike madzi amasiya kutuluka ndipo amayi amabwerera kudambo. Nthawi zina vuto limayambira pa malo. Mjigo ukakumbidwa pakhomo pa munthu wotchuka m'malo mwa pamene anthu adagwirizana, enawo amati ndi wa mwini khomo, akonze yekha. Wophunzira wabwino amadziwa kufunsa zonsezi galimoto yokumba isanafike: adasankha malowa ndani, m'komiti muli amayi angati poti otunga ndi iwowo, ndalama zizisungidwa kuti, makaniko wa m'deramo ali kutali bwanji, zipangizo zimagulidwa pa sitolo iti. Lipoti longonena kuti "takumba mijigo khumi" silithandiza. Lothandiza ndi lonena kuti patatha zaka ziwiri ndi ingati ikutulutsabe madzi.

N'chifukwa chake posankha kosi musamangoyang'ana dzina. Pemphani mndandanda wa maphunziro a zaka zonse zinayi, muone ngati muli statistics, njira zochitira kafukufuku, kayendetsedwe ka pulojekiti, kulemba bajeti, ndi kalondolondo ndi kauniuni wa mapulojekiti, monitoring and evaluation, yomwe anthu amangoti M&E. Funsaninso ngati ophunzira amatumizidwa ku attachment, kukaphunzira ntchito kumabungwe kapena m'maofesi, kwa miyezi ingati, komanso ngati sukulu imawapezera malo kapena aliyense amadzionera yekha. Kosi yodzaza ndi mfundo za akatswiri koma yopanda masamu ndi ntchito ya kumudzi ikusiyani manja lende.

Za sukulu, m'mayunivesite a boma mumalowa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Ku University of Malawi ku Zomba kuli Social Science, momwe mungatengemo economics kapena sociology. Ku LUANAR kuli makosi a ulangizi wa zaulimi ndi a jenda ndi chitukuko. Ku Mzuzu University kuli Transformative Community Development. Musaderere koleji ya Magomero ku Chiradzulu, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko a boma. Ambiri amayambira pa dipuloma, n'kugwirako ntchito, kenako n'kukalowa digiri monga mature entry, njira yolowera ya anthu omwe adagwirapo kale ntchito. Mukafuna sukulu yomwe si ya boma, musalipire kalikonse musanaone pamndandanda wa NCHE kuti kosi imeneyoyo ndi yovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina m'menemo ili yosavomerezeka, ndipo zimenezi mumadzazidziwa mochedwa, pofunsira ntchito m'boma kapena masters. Ngongole ya fizi imafunsidwa padera ku bungwe la HESLGB, choncho muzitchera khutu za tsiku lotsekera.

Ngati masamu mumawatha, ganizirani njira ina: digiri yoyamba ya economics, ulimi, zaumoyo wa anthu, zamadzi kapena statistics, ndiye za chitukuko mudzaonjezere pa masters. Mapulojekiti akachepa, munthu wodziwa za mthirira kapena wowerengera bwino manambala amakhalabe ndi kolowera, kumakampani kapena m'boma.

Kunja musathamangireko pa digiri yoyamba. Fizi ndi yokwera kwambiri ndipo thandizo la pamlingo umenewo ndi losowa. Mwayi wambiri uli pa masters. Chevening ya boma la Britain imalipira masters ya chaka chimodzi, koma imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola 2,800, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso thandizo la Commonwealth, ndi la Beit Trust yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Sukulu zodziwika pa gawoli ndi monga Institute of Development Studies ku Sussex, SOAS ku London, Manchester, ndi ISS ku The Hague. Osankha amafuna munthu woti angafotokoze vuto lenileni lomwe adaligwirapo ndi manja ake, ndipo zimenezo mumazipeza kuno.

Pamene muli pasukulu, tchuthi chisamapite chabe. Phunzirani Excel mozama, osati kungolemba mayina m'mizere, ndiponso KoboToolbox yomwe mabungwe ambiri amatolera mayankho pafoni, kenako mapulogalamu osanthulira manambala a SPSS kapena Stata. Ganyu yotolera mayankho pa kafukufuku ndiyo khomo lomwe ambiri amalowera. Laisensi ya njinga yamoto imathandiza kwambiri, chifukwa ntchito zoyambira ndi za kumudzi. Ngati mumangolankhula Chichewa, yambani Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Pitaninso ku ofesi ya chitukuko cha m'madera ya boma lanu mukapemphe kuyenda ndi mlangizi. Mukakhale nawo pa msonkhano wa banki m'khonde, muone bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndi mkangano womwe umabuka pogawana kumapeto kwa chaka wina akakhala kuti sadabweze ngongole.

Chinthu china chomwe m'kalasi sachinena mokwanira ndi nkhani ya ma alawansi. Mukazoloweretsa anthu kuti msonkhano uliwonse pali kangachepe ndi chakumwa, tsiku lomwe ndalamazo zidzathe pabwalo padzakhala inu ndi nyakwawa basi. Dziwaninso dongosolo lolowera m'dera: kuyamba kwa DC ndi komiti ya akuluakulu a nthambi za boma, kenako mfumu yaikulu ndi ADC, ndiye gulupu ndi VDC. Kudumpha mmodzi mwa amenewa kumachedwetsa ntchito miyezi.

Bambo akafunsanso za ntchito, auzeni zoona: zambiri ndi za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, zoyamba zimakhala kumaboma akutali, ndipo olemba anthu ndi makhonsolo, maunduna, mabungwe omwe si a boma, mipingo, mabungwe obwereketsa ndalama ndi magulu ochita kafukufuku. Muwaonetsenso mndandanda wa maphunziro a kosi yomwe mwasankha, kuti aone okha kuti mudzatuluka mukudziwa kuchita chiyani.