Zotchingira pa chionetsero: pangani kamodzi, muzingomanga ndi kumasula

Mayi wina wa gulu la alimi ku Ngabu wandilembera imelo. Akuti nthawi iliyonse akapita ku chionetsero cha zaulimi amagula mitengo, misomali ndi mapepala apulasitiki, akamabwerera zonse zatha ntchito. Akufuna kudziwa mmene angapangire zotchingira sitandi zoti azigwiritsanso ntchito ku Nchalo, ku Bangula, mwinanso ku Chichiri ku Blantyre.

Mayi, musanagule chilichonse sankhani muyezo umodzi, ndipo felemu iliyonse (chimango cha chigawo chimodzi cha khoma) itsatire womwewo. Mukalola mmisiri kupanga iliyonse mmene wadzukira, mudzangodzaza nyumba ndi zipupa zosalumikizana. Muyezo wake musauvutikire: plywood ya m'mashopu imabwera ya mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Mafelemu ambiri akhale a 1220 m'lifupi, ena ochepa akhale theka lake, 610. Awiri aakulu ndi kamodzi kakang'ono akupatsani khoma la mamita atatu ndi pang'ono, ndipo masitandi ambiri pa zionetsero zikuluzikulu amakhala a mamita atatu mbali zonse. Msinkhu ine sindipitirira mamita awiri, chifukwa chotalika chimakola mphepo komanso chimavuta kukweza pa galimoto.

Felemu ikhale ya square tube ya mamilimita 25, imene owotcherera a pa Nchalo amapangira mageti ndi mawindo. Apa ndiye pofunika kuimirira: mabowo a mabawuti akhale pamalo amodzimodzi pa felemu iliyonse, mbali zonse ziwiri. Uzani owotcherera aboole kachitsulo kamodzi kachitsanzo, azikagoneka pa felemu iliyonse poboola. Akayamba kuyeza ndi tepi payokhapayokha, tsiku la chionetsero mudzapeza bowo lalambalala linzake pang'ono chabe, alendo olemekezeka atafika kale. Mabawuti onse akhale a saizi imodzi, M8, kuti sipanala imodzi ikwanire. Misomali iwalani, mukaizula kawiri thabwa lang'ambika.

Za chovala felemuyo ndimasiyana ndi amisiri ambiri. Iwo amathamangira plywood yokhuthala, koma ya mamilimita 18 imalemera pafupifupi makilogalamu 30, yoti amayi awiri anyamule akudandaula. MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) ndiye musayerekeze, ikangonyowa imafufuma osabwereranso. Kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo sitandi yotsekeka mbali zitatu imasanduka uvuni, munthu amangosuzumira n'kudutsa. Mphasa za bango kapena mikeka ya mlaza zimalowetsa mpweya, n'zopepuka, zimalukidwa konkuno, ndipo ikatha mumangomasula n'kumangirira ina pa felemu yomweyo. Plywood yopyapyala, ya mamilimita 6, isungireni mafelemu awiri kapena atatu omatapo zithunzi ndi mitengo ya katundu. Nsungwi zimakongola, koma zimafumbwa msanga ngati sizinathiridwe mankhwala.

Khoma lowongoka silidziimira lokha. Lumikizani mafelemu mokhota ngati L kapena T kuti azigwirana, ndipo kumapazi ikani matumba a feteleza odzaza mchenga, makamaka pabwalo la sukulu pomwe kamvuluvulu amabwera osagogoda. Mashelefu a mpunga, chitowe kapena mapira akolekeni m'munsi, kulemera kwake kuthandize kugwira khoma.

Posunga pamafunika chidwi kuposa popanga. Tinaona mu 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa namondwe Freddy mu 2023 mmene madzi amalowera m'nyumba ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mafelemu apakeni penti yoletsa dzimbiri, muwagoneke pamwamba pa mitanda ya denga kapena pa thandala. Mphasa zikulungeni zitauma, kutali ndi pansi chifukwa cha chiswe. Mabawuti akhale m'chitini chokhala ndi chivindikiro, ndipo asunge munthu mmodzi wodziwika ndi gulu lonse, amene aziwawerenga musanachoke pabwalo.