Mbalame za mchira wautali za m'misewu ya ku England: n'zakutchire kapena zoweta?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene amasamalira okalamba m'midzi ya ku Norfolk. Akuti m'mawa uliwonse akamayendetsa galimoto amakumana ndi mbalame zazikulu ngati nkhuku: tambala wa mutu wobiriwira, nkhope yofiira psu ndi mchira wautali, thadzi lotuwa ngati nkhwali. Chiyambireni Sepitembala zachuluka zedi, zina zili lambalamba m'mbali mwa msewu, zogundidwa. Funso lawo n'lakuti, "Kodi zimenezi zimaswana zokha kutchire ngati nkhanga zakwathu, kapena zili ndi mwini wake?"

Zikomo amayi pondilembera. Mbalameyo kuno amati pheasant, ndipo zambiri zimene mukuonazo zinatuluka m'khola miyezi iwiri kapena itatu yapitayo.

Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, kuchokera ku mapiri a Caucasus mpaka ku China. Ku Britain inachita kubwera ndi anthu zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo lero imawetedwa kuti iziwomberedwa ndi mfuti. Bungwe la Game and Wildlife Conservation Trust linayerekeza kuti m'chaka cha 2016 chokha mbalame zimenezi pafupifupi 47 miliyoni zinamasulidwa kuno ku Britain.

Mazira amawaswetsa pa makina, ndipo mazira ndi anapiye ambiri amachokera ku France. Anapiye akakwana milungu 6 kapena 8, cha mu Julayi ndi Ogasiti, amawaika mu mpanda wa waya m'kati mwa nkhalango. Mpandawo kumwamba n'kosatseka, choncho zikakula zimayamba kudumpha n'kumwazika m'minda. Woziyang'anira, amene amamutcha gamekeeper, amapitiriza kuzithirira tirigu kuti zisapite patali. Pa 1 Okutobala uzimba umatsegulidwa mpaka pa 1 Febuluwale: anthu amayenda mondondozana akumenya tchire ndi ndodo, mbalame n'kuulukira kumene kwaima amfuti.

Mukadzaima penapake, amayi, yang'anani m'mphepete mwa nkhalango. Mukaona mgolo wa pulasitiki woimikidwa pa miyendo, pansi pake pali tirigu wotayika ndi dothi lopalasidwapalasidwa, kapena kamzere ka chimanga kosiyidwa osakolola nyengo yozizira, dziwani kuti pamenepo mbalame zili ndi mwini. Ine ndinaimapo pafupi ndi mgolo wotere tsiku lina, mbalame zoposa khumi zinangondiyang'ana, ina mpaka kundiyandikira ngati nkhuku yodikira madeya. Nkhanga yakwathu singachite zimenezo. Kusaopa kumeneku n'kumene kukuziphetsa pamsewu.

Koma zakutchire ziliko, ndipo inuyo muli pamalo pake, chifukwa kum'mawa kwa England, ku Norfolk ndi madera a Fens, n'kumene zimaswana zokha bwino kuposa kwina. Thadzi limaikira pansi, m'udzu kapena m'tsinde mwa mpanda wa zitsamba, mazira khumi kapena kupitirirapo, n'kufungatira masiku oposa pang'ono milungu itatu. Anapiye milungu yoyamba amadalira tizilombo, choncho m'minda yopoperedwa mankhwala kwambiri ambiri sapulumuka. Umboni wosatsutsika ndi uwu: mukaona thadzi likutsogolera tianapiye mu Juni, timeneto taswedwa kutchire, chifukwa nthawi imeneyo za m'khola zimakhala zisanatulutsidwe. Vuto n'lakuti mathadzi okulira m'khola sadziwa kubisala, nkhandwe imawagwira ali pamazira. N'chifukwa chake eni malo amagulanso zatsopano chaka ndi chaka.

Kuti mbalameyi ingathe kudziimira payokha, ku America kuli chitsanzo. Ku South Dakota inafika mu 1908, inapeza udzu wokwanira wobisalamo, inaswana mpaka mu 1943 anaisankha kukhala mbalame yoimira dera lonselo.

Chimene chimandipweteka ine ndi cha pambuyo pa uzimba. Zowomberedwa sizifika ndi theka lomwe la zomasulidwa. Uzimba ukangotsekedwa pa 1 Febuluwale, malo ena amaleka kuthira tirigu, mbalame zozolowera kudyetsedwa zija n'kuyamba kuyendayenda ndi njala. Ofufuza a ku yunivesite ya Exeter anapeza kuti kugundidwa pamsewu kumachuluka kawiri pachaka, zikangomasulidwa kumene, ndiponso cha mu Febuluwale ndi Malichi chakudya chikatha. Munthu amene waweta chinthu n'kuchizoloweza dzanja lake sayenera kuchitaya chonchi, ndipo chiwerengero cha mamiliyoni chija n'chachikulu kwambiri kwa abuluzi, njoka ndi tizilombo ta m'nkhalango zimene mbalamezi zimatola.

Pamsewupo chepetsani liwiro mukaona imodzi, chifukwa nthawi zambiri pambuyo pake pamakhala zinzake, ndipo zimathamangira kutsogolo kwa galimoto m'malo mothawa. Koma musakhotetse chiwongolero mwadzidzidzi pa misewu yopapatiza ija. Juni akafika mudzandilemberenso ngati mwaona thadzi la anapiye, ndipo mudzandiuze kuti anali angati.