Za fumbi la lusalite mwafunsazo

Achemwali, mwafunsa ngati fumbi la lusalite, malata akale aja osakaniza simenti ndi asibesitosi, lingawadwalitse bambo a kunyumbawo. Zoti angogwirako ntchito ya malatawo miyezi yochepa nde palibe vuto musazimvere ayi. Madokotala sawerenga zaka zokha, amatenga kuchuluka kwa tiulusi ta asibesitosi mu mililita imodzi ya mpweya n'kuchulukitsa ndi zaka zomwe munthu wagwira. Tiulusi 5 kwa zaka 5 n'chimodzimodzi kaulusi kamodzi kwa zaka 25, ndipo akatswiri atakumana ku Helsinki mu 1997 anati ukafika pa 25 pamenepo chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chawirikiza kawiri. Nde wodula malata a lusalite ndi galayinda mosathira madzi amameza zambiri msanga. Koma ndani munamuonapo akuyeza mpweya pa obra, pamalo omanga nyumba, kwathu kuno?

Malume anga ankakhoma ndi kuphwasula madenga amenewa, Ulongwe mpaka Moatize. Ankabwera ali mbuu mpaka nsidze, akazi awo kukutumula ovolosi pakhonde ife tikudya nsima pompo. Bwana wawo ankangowagulira mkaka ati umatsuka pachifuwa, masiki olo imodzi. Patatha zaka zoposa 20 ndi pomwe chifuwa chinayamba, anamwa mankhwala a TB mpaka kumaliza osasintha. Kumapeto sankathanso kugona chagada, usiku onse ali tsonga atatsamira thumba la chimanga, mpweya ukulira ngati mvukuto, kuchipatala kuwalowetsa chubu m'nthiti madzi ofiirira kudzaza botolo, sabata ziwiri abwereranso. Anati mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo. Titapita kwa bwana uja anatiyankhira pageti, ati kontrato ili kuti, komanso ati ndi fodya. Fodya wake uti, matenda amenewo sabwera ndi fodya! Munthu wopanda chisoni, mpaka lero ndikamuona pagalimoto mtima umandiwawa.

Boma la Mozambique linaletsa asibesitosi mu 2010 koma madenga akalewo akadalipo, ophwasula ndi abale athu omwewa.

Inu gulani kope mulembe malo, chaka, ntchito yanji, maola angati, olo ife mapepala omwe tinali nawo sanatithandize kanthu. X-ray ikatuluka bwino lero musati apulumuka, zimenezi zimabisala zaka 20 mpaka 40. Ngati amasuta asiye, pa khansa ya m'mapapo fodya ndi fumbili zimathandizana. Ntchitoyo ndikanati asiye koma nanga ana adya chani, azinyowetsa malatawo asanawakhudze, osawaswa, ndipo ovolosi isamalowe m'nyumba.